Khola la nkhuku ku Mambwe lizimangidwa poganizira Okutobala

Nkhuku zikayamba kufa m'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala, mawu amene amamveka ndi amodzi, kaya ndi kwa Jumbe, kwa Nsefu, kwa Kakumbi kapena kwa Msoro: chitopa chabweranso. Nthawi zambiri anthu amakhala akunena zoona, pakuti matendawa amavutadi m'chilimwe. Koma dzina limodzili tikulisenzetsa maliro onse, ndipo potero tikubisa chinthu china chimene chimapha nkhuku, kuchepetsa mazira ndi kufooketsa zotsalazo kuti matenda azipeze zili lende. Chinthucho ndi kutentha, makamaka kwa m'makola amene timamanga tokha. Ine ndikuti khola la ku Mambwe likhoza kukhala lolimba ndi lokongola, koma ngati nkhuku singapumemo bwino mu Okutobala, ndalama zomangira zinapita pachabe.

Mfuwe ili pamtunda wa mamita osafika 600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chipata ili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Kusiyana kumeneku aliyense wotsika ndi msewu wa Chipata amakumva pakhungu. Mvula isanagwe, kutentha kwa m'chigwa kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ndipo usiku mpweya umakhalabe wofunda. Thupi la nkhuku palokha limakhala pa madigiri 41 kapena 42, ndipo nkhuku situluka thukuta. Kuti izizire imayasamula kukamwa n'kumapuma mwawefuwefu, imatambasula mapiko, imakumba pansi pofuna dothi lozizira. Mpweya ukatentha kufika pafupi ndi kutentha kwa thupi lake, njira yokhayo imene yatsala ndi kupuma kwawefuwefuko, kumene kumatha madzi m'thupi. Kupuma kotereku kumasokonezanso magazi, n'chifukwa chake thadzi limayamba kuikira mazira a chikamba chopyapyala, kenako n'kusiyiratu kuikira. Nkhuku imaleka kudya chifukwa kugaya chakudya nakonso kumatenthetsa thupi. Mwini wake amangoona kuti zaonda, osadziwa kuti zikudzimana dala.

Tsono tiyang'ane mmene timazisungira. Mlimi wa m'chigwa ali pafupi ndi South Luangwa National Park, ndipo adani a nkhuku zake ndi ambiri kuposa a mnzake wa kumtunda: vumbwe, fungwe, chiuli, likongwe, nsato, ng'azi yakuba mazira, anyani masana, mphamba kumwamba, osaiwala akuba a miyendo iwiri. Pothawa zonsezi amamanga kakhola kanjerwa kapena komata ndi dothi, kopanda zenera, n'kufolera ndi lata lakale chifupi ndi mitu ya nkhuku, kukhomo n'kutsekapo mwala. Ena amazigoneka m'khitchini momwe moto wangozima kumene. Njerwa ndi lata zimamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalitulutsa usiku, ndiye nkhuku 15 zothithikana m'kachipinda kotero zimagona mu uvuni. Fungwe salowamo, n'zoona, koma m'mawa mwiniwake amatola thadzi lonenepa kwambiri lija litauma pakona, n'kunena kuti chitopa chayamba.

Wina anena kuti kutsegula khola n'kuitana vumbwe. Mantha amenewa ndi omveka, koma akuchokera pa maganizo akuti chotchinga chilombo chiyenera kutchinganso mphepo. Makolo athu ankamanga khola lam'mwamba, pa nsanamira, la timitengo tolukana ndi denga laudzu, ndipo mphepo inkalowa pansi ndi m'mbali. Chofunika lero n'kulilimbitsa: timitengo tithithikane kuti njoka isapeze mpata, kapena pakhale waya wa maso ang'onoang'ono ngati thumba lalola, nsanamira zikulungidwe ndi zidutswa za lata kuti chokwera chiterereke, makwerero achotsedwe nkhuku zikalowa. Amene anafolera kale ndi malata ayale udzu wochindikala pamwamba pake, abowole makoma m'mwamba mbali ziwiri zoyang'anana n'kutchingamo waya. Udzu umafuna kusamala nyengo ya lupsa, ndipo umasunga utitiri ngati khola silisesedwa ndi kuthiridwa phulusa, koma zimenezo ndi ntchito ya tsache, si chifukwa chowotchera nkhuku.

Palinso onena kuti nkhuku yachikuda ndi yolimba, imadzifunira yokha mthunzi ndi madzi monga yakhala ikuchitira kuyambira kale. Kulimba ndi yolimbadi, makamaka ija yopanda nthenga m'khosi imene ena amaitcha kameta, ndipo yotereyi siyenera kukhala yoyamba kuphedwa alendo akabwera. Koma mthunzi umene ankaudalirawo uli kuti? Mitengo ya tsanya imene yadzaza m'chigwa imayoyola masamba nthawi yomwe dzuwa lafika poipa, ndipo kuzungulira midzi yambiri inagwa kale ndi nkhwangwa. Mitsinje ngati Lupande imasanduka mchenga. Pabwalo losesedwa mbee, nkhuku imatsala ndi kunsi kwa nkhokwe basi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatikumbutsa kuti nyengo yasiya kutsata zimene tinazolowera. Komanso nkhuku zasintha. Pofuna msika wa ku Mfuwe, anthu akuweta mabroila ndi nkhuku zamazira zachizungu, zimene zimakula msanga, kudya kwambiri ndi kutentha thupi kwambiri. Broila wa masabata asanu sangathamangire kumtengo wa mango. Amafera pomwe wakhalapo.

Chodandaula chimene chili ndi mphamvu kuposa zonse ndi cha madzi. Mu Okutobala pamjigo pamakhala mzere, ndipo mayi amene wasenza chigubu mtunda wautali, nthawi zina akuopa kukumana ndi njovu, sangakondwe kumva kuti nkhuku nazo zimwe. Koma tiwerengere. Thadzi limamwa pafupifupi kapu imodzi patsiku, ndipo kukatentha limatha kumwa makapu awiri. Nkhuku khumi zimafuna malita asanu, gawo limodzi mwa magawo anayi a chigubu cha malita 20. Si madzi ochepa, komabe thadzi limodzi likafa, banja lataya mtengo wa makope a mwana ndi mazira a miyezi ingapo. Vuto lalikulu n'lakuti madzi ochepawo amaikidwa molakwika, m'chitini kapena m'chigoba cha pulasitiki padzuwa, ndipo pofika masana afunda moti nkhuku imangoviika mlomo n'kuchoka. Phale kapena mphika wadothi wokwiriridwa pang'ono pamthunzi umasunga madzi ozizira, ndipo timiyala toikamo timateteza anapiye kuti asamire. Madzi otsukira mbale, ngati alibe sopo wambiri, athiridwe pansi pa mtengo pomwe nkhuku zimausa. Gaga aperekedwe m'mamawa ndi madzulo, osati dzuwa lili paliwombo. Ntchito imeneyi isasiyidwe kwa amayi okha, popeza njinga yonyamula zigubu kawirikawiri imakhala ya abambo, amenenso sachedwa kugwira tambala pakafunika ndalama.

Zonsezi sizikuchotsa katemera wa chitopa pamalo pake. Bungwe la COMACO, mothandizana ndi akatswiri a ku Cornell University, linagwira ntchito yotemera nkhuku m'midzi ya m'chigwa muno, pofuna kuti mabanja akhale ndi ndiwo ndi ndalama popanda kutchera misampha m'nkhalango. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso miyezi inayi iliyonse, amapirira kutentha kuposa ena, ngakhale naye safuna kusiyidwa padzuwa. Koma nkhuku yotemeredwa ikhoza kufabe ndi ludzu, ndipo ikafa mwini wake amanena kuti katemera ndi wabodza, ulendo wina n'kukana kutemeretsa. N'chifukwa chake mlimi ayenera kudziwa kusiyanitsa. Ya chitopa imazyolika, imatsegula m'mimba zobiriwira, ina imapotoka khosi, ndipo matendawo amayenda khomo ndi khomo. Yotenthedwa imayasamula kukamwa, ndipo ikaikidwa pamthunzi, miyendo n'kuviikidwa m'madzi ozizira, kawirikawiri imadzuka lisanalowe dzuwa.

Kuyambira 2022, pamene ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, magulu a amayi ndi achinyamata ali ndi mwayi wopempha thandizo la bizinesi, ndipo kuweta nkhuku ndi ganizo limene limabwera msanga. Komiti ya CDF ya dera la phungu la Malambo, kuno ku Mambwe, isamavomereze pempho la nkhuku lisanafotokoze kuti khola lidzayang'ana kuti, mphepo idzalowera pati, madzi adzachokera kuti, ndipo ngati n'kwanzeru kuika anapiye a broila oti adzakhwime pakati pa Okutobala. Alangizi a ziweto nawo, pobwera ndi botolo la katemera mu Ogasiti, asamabwerere pachipata. Alowe, aweramire m'kholamo masana, ndipo ngati iwo eni sangapirire mphindi zisanu, amuuze mlimiyo abowole khoma Seputembala asanathe.