Agogo Akayamba Kuiwala: Kalata ya Abusa kwa Akhristu Onse



Agogo akamafunsa chinthu chimodzimodzi kangapo, akasochera pochokera kudimba, kapena akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni asakudziwa kumene ali, ambirife timathamangira kunena kuti agwa m'lichero la ufiti. Abale, amenewa ndi matenda a muubongo otchedwa dementia. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kutchula munthu mfiti ndi mlandu, ndipo ife tikuti ndi tchimo.

Kuiwala kwina kumayambira m'mbale. Kumudzi, agogo olera ana amasiye amagawira zidzukulu ndiwo, iwo n'kutsala ndi nsima yosunsa m'msuzi. Mano atha, chimanga chokazinga sangachithe, ndipo sadandaula. Thupi likasowa vitamini B12, wopezeka m'nsomba, mazira, mkaka ndi nyama, munthu amayamba kuiwala ndi kumva dzanzi m'mapazi. Asinjireni agogo usipa kapena bonya, muwaphikire phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nkhwani wotendera wofewa bwino, ndi dzira nkhuku ikaikira m'malo mothamangira nalo kumsika. Madzi akumwa muziwapatsa osadikira kuti apemphe, popeza okalamba samva ludzu msanga.

Inu a m'tauni musadzitame. Mumawatenga agogo kumudzi mwachikondi, n'kuwatsekera mumpanda ku Area 25 kapena ku Chilomoni tsiku lonse, pamaso pa wailesi ya kanema, ndi tiyi wa shuga wambiri ndi buledi. Akagwira tsache, mumawalanda. Anzawo akumudzi, ngakhale ali ndi njala, amayenda, amapalira, amacheza pamaliro ndi pachigayo. Mutu wosagwira ntchito ndi miyendo yosayenda zimafooka msanga. Asiyeni asankhe nyemba, atsirire kadimba, asunge ndalama zawo, apite okha kutchalitchi pamene mphamvu zilipo. Kuwachitira zonse n'kuwafulumizitsa ukalamba.

BP ndi shuga zikalekereredwa zimabweretsa sitiroko ndi kuwononga ubongo pang'onopang'ono. Pemphero tipemphere, koma mankhwala akuchipatala asasiyidwe chifukwa wina wanena kuti mwachiritsidwa.

Kwa boma tikuti: Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wathandiza mabanja ambiri, koma okalamba ochuluka sali m'kaundula. Lamulo loteteza okalamba la 2024 lisathere papepala. Lioneke m'bajeti ndi pamzere wa kuchipatala. Mafumu asaweruze milandu ya ufiti pabwalo, ndipo apolisi azifika anthu asanatole miyala.

Tikupempha miphakati, amayi a Mvano ndi a Dorika, pamodzi ndi achinyamata, kuti mulembe mayina a okalamba okhala okha m'dera lanu, muziwayendera sabata iliyonse, ndipo mufunse chimene adya tsiku limenelo.

Ife abusa anu mwa Khristu.