Akati 4G yafika, tikafunse amayi a ku Kaporo

Asisi, kampani ya mafoni ikalengeza kuti yafikitsa 4G kumadera atsopano, ife a m'tauni timangodina like n'kupitirira. Kwa ife ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi, WhatsApp imatseguka, TikTok imayenda, vuto lathu ndi mtengo wa bandulo basi. Koma pali mafunso atatu amene sitifunsa: anayeza ndani, anayezera pati, ndipo anagwiritsa ntchito foni yanji? Maganizo athu ndi awa: netiweki tiziti yafika pokhapokha ikagwira pamalo pamene mzimayi amathera tsiku lake, pa foni imene iye ali nayo m'manja. Zolembedwa pa bilibodi ndi malonda chabe.

Titenge Kaporo, kumpoto kwa boma la Karonga, pamsewu wa M1 wopita kuchipata cha Songwe, m'malire ndi Tanzania. Mpunga wa Kilombero umene timaunyadira pa ukwati ndi pa Khirisimasi, wambiri umachokera m'madambo a kumeneko. Alimi ake ali ndi bungwe lawo, Kaporo Smallholder Farmers Association, ndipo mpunga wawo unafika mpaka m'mashopu ndi m'sukulu za ku Scotland. Amene amawokera, kupalira, kuingitsa mbalame ndi kupeta mpungawo, ambiri ndi amayi ndi atsikana. Ndi iwonso amene amadutsa pa Songwe kukaoda zitenje, nsapato ndi ziwiya ku Kasumulu ndi ku Kyela, zija timagula pa status za anzathu. Munthu wotere amafunika kudziwa mtengo wa thumba ku Mzuzu ndi ku Lilongwe vendayo asanafike pakhomo. Amafunika kutumiza chithunzi cha katundu kwa kasitomala, kumva voice note ya mwana wake, kulandira uthenga kuti mtsinje wa Lufilya kapena wa Songwe wayamba kusefukira. Zithunzi ndi ma voice note zimafuna data. Kuyimba foni ndi kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money podina manambala kumatheka ngakhale pa 2G, n'chifukwa chake munthu akhoza kunena kuti netiweki ilipo pomwe intaneti kulibe.

Tsono nkhani yagona pa chinthu chotchedwa spectrum. Musathawe, si zovuta. Foni imalankhulana ndi nsanja kudzera m'mafunde a wailesi, ngati momwe MBC imafikira m'nyumba mwanu. Mafundewa anagawidwa m'magawo, ndipo makampani awiri sangagwiritse ntchito gawo limodzi pamalo amodzi popanda kusokonezana. Ali ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje: ndi lochepa, aliyense akulifuna, ndipo wina akalima, winayo adikire. Mwini wake wa dimbali ndi dziko, kutanthauza ife tonse. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo pano likuyendera Communications Act ya 2016, ndi limene limagawira makampani mafundewa powapatsa ziphaso. TNM ndi Airtel anachita kubwereka. Wobwereka munda wa mudzi amayankha kwa eni mudzi.

TNM inayambitsa 4G, imene dzina lake lina ndi LTE, mu 2016, kuyambira m'mizinda. Airtel inatsatira mu 2018. Mu 2023 TNM inayamba kuyesa 5G ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mwaona momwe zimayendera, eti? Chatsopano chilichonse chimayambira komwe kuli ndalama, kenako chimatsetsereka pang'onopang'ono. Chikhalirecho kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 80 mwa 100 alionse amakhala kumudzi.

Chomwe ambiri sitiuzidwa n'chakuti mafunde onse si ofanana. Otsika, monga 700, 800 ndi 900 MHz, amapita kutali ndipo amalowa m'nyumba. Okwera, monga 1800, 2100 ndi 2600 MHz, amanyamula data yambiri mwachangu koma satalika, ndipo khoma la njerwa zootcha, denga la malata kapena nthochi zothithikana zimawafooketsa. M'tauni, komwe nsanja zili pafupipafupi, mafunde okwera ndi abwino. Pachidikha ngati cha Kaporo, pomwe midzi yamwazikana pakati pa nyanja ndi mapiri, otsikawo ndiye golide. Mafunde a 700 ndi 800 MHz kale ankagwiritsidwa ntchito ndi TV, ndipo anamasuka mayiko atasamukira ku TV ya digito, yomwe tsiku lake lomaliza mayiko a chigawo chathu anagwirizana kuti likhale 17 June 2015. Ndiye funso loti ndani ali ndi mafunde otsika, ochuluka bwanji, ndipo wawayatsa pa nsanja ziti, ndilo limaweruza ngati mtsikana wa ku Kaporo atsegule fomu ya NCHE ali m'nyumba mwa amayi ake, kapena ayende mtunda kukaima pamsewu madzulo. Mtsikana woima yekha pamsewu mdima ukugwa, tonse tikudziwa zomwe amakumana nazo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ngati amayi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 anapeza kuti mzimayi mmodzi yekha mwa atatu ndiye anali ndi foni, pomwe mwa abambo anali theka. Bungwe la GSMA, lomwe limaimira makampani a mafoni padziko lonse, lakhala likupeza chaka ndi chaka kuti kum'mwera kwa Sahara amayi amatsalira kwambiri pa intaneti ya pafoni poyerekeza ndi abambo. Ndipo mzimayi akakhala ndi smartphone, kawirikawiri imakhala ya kaunjika, yopatsidwa ndi mchimwene wake wa ku Joni, kapena yotchipa ya pamsika. Foni iliyonse ili ndi magawo a mafunde amene imatha kumva. Akatswiri anawapatsa manambala: band 20 ndi 800 MHz, band 28 ndi 700, band 8 ndi 900, band 3 ndi 1800. Foni yopangidwira msika wa ku America kapena ku China ikhoza kukhala yolembedwa 4G pabokosi koma ilibe band imene nsanja ya kwanu ikuulutsa. Mwini wake amangoti foni yanga ndi yakutha, kapena amadziona ngati iye ndi mbuli, pomwe vuto silili pa iye.

Nanga netiweki imayezedwa bwanji? Njira yodziwika padziko lonse ndi yoyenda pagalimoto yokhala ndi zida zoyezera. Galimoto imatsata msewu. Ikadutsa M1 kuchoka ku Karonga kukafika pa Songwe ikhoza kupeza 4G yabwino ndithu, lipoti n'kutuluka loyera. Mapu a netiweki nawonso nthawi zambiri amajambulidwa ndi kompyuta yowerengera kuti mafunde akuyenera kufika pati, munthu ataima panja. Koma moyo wa mzimayi suli pa phula. Uli kukhitchini, pamjigo, kuchigayo, m'munda wa mpunga, pa sikelo ya ana, m'chisakasa cha odikirira odwala pachipatala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. 4G ya pamapu ndi fodya wa pachala.

Ndiye tiyeze tokha. Ambiri a ife tili ndi achibale kumeneko, ena timakwera basi ya ku Songwe mwezi ndi mwezi kukaoda katundu. Sipafunika digiri.

Choyamba, onani kachilembo kali pafupi ndi timizere ta netiweki data ili yoyatsa. E ndi 2G, H kapena H+ ndi 3G, 4G kapena LTE ndiye imene tikunenayo. Timizere tokha tisakupusitseni: tikhoza kudzaza tonse pomwe muli pa E. Lowaninso mu settings muone ngati foni yaloledwa kugwira 4G, ndipo ngati simu ndi yakalekale, mufunse ku shopu ya kampani ngati imagwira 4G.

Chachiwiri, onani mphamvu yake yeniyeni. Pa mafoni ambiri a Android, mukadina *#*#4636#*#* pamatuluka tsamba la netiweki. Pa Samsung yesani *#0011#, pa iPhone *3001#12345#*. Musasinthe kalikonse m'menemo, ingowerengani. Fufuzani nambala yotchedwa RSRP. Ikakhala cha m'ma -80 ndi yabwino, cha m'ma -100 ndi yongopirira, ikatsika kupitirira -110 ndiye kuti 4G yake ndi ya dzina lokha. Mafoni ena amaonetsanso band imene mwalumikizidwako. Ilembeni.

Chachitatu, yesani zomwe anthu amachitadi. Tumizani chithunzi ndi voice note ya mphindi imodzi, muwerenge masekondi. Yimbani video call. Ma app ngati Speedtest ndi Opensignal amathandiza, koma dziwani kuti amadya bandulo, ndiye kamodzi pamalo pakwana.

Chachinayi, bwerezani: m'nyumba ndi panja, m'mawa ndi cha m'ma 7 usiku pomwe aliyense ali pa foni, tsiku la msika, komanso magetsi atazima. Ngati mungathe, simu ziwiri zonse pa foni imodzi, kenako pa foni ya mayi wa pakhomopo. Mukayandikira Songwe yang'ananinso dzina la netiweki, chifukwa mafunde sadziwa malire ndipo foni nthawi zina imathawira ku netiweki ya ku Tanzania, zomwe zingakudyereni mayunitsi ngati roaming ili yotsegula.

Lembani dzina la mudzi kapena msika, tsiku, nthawi, mtundu wa foni ndi zomwe mwapeza. Chonde, screenshot yoonetsa malo enieni a nyumba ya munthu musaiponye pagulu. Dzina la dera ndi lokwanira.

Tikudziwa zomwe makampani angayankhe, ndipo zina n'zoona. Nsanja ndi yodula, zida zake zimagulidwa ndi madola omwe dziko lino likusowa, komwe kulibe magetsi a ESCOM pamafunika jenereta kapena sola, mabatire ndi dizilo zimabedwa, ndipo mudzi wa anthu ogula bandulo ya tsiku limodzi subweza ndalama msanga. Sitikutsutsa. Koma mfundo yomweyo ndi imene ikupangitsa kuti mafunde otsika akhale nkhani yaikulu, chifukwa nsanja imodzi ya 800 MHz imafikira dera lomwe likanafuna nsanja zingapo za mafunde okwera. Lamulo la 2016 linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund, lomwe ntchito yake ndi kufikitsa mauthenga kumadera omwe makampani saonako phindu. Ndipo ife ogula timalipira kale msonkho wapadera wa 10 peresenti pa data kuyambira 2015. Mayi wa ku Kaporo akagula bandulo amalipira mtengo ndi msonkho womwewo ngati ife, ndipo bandulo yake imatha nthawi chimodzimodzi ngakhale sinatseguleko kanthu.

Ena anayesapo njira ina. Germany itagulitsa mafunde a 800 MHz mu 2010, inalamula kuti makampani ayambe kufikira midzi ing'onoing'ono yomwe inalibe intaneti asanaloledwe kuwayatsa m'mizinda ikuluikulu. Makampani sanagwe. Anathamangira kumidzi kuti amasulidwe msanga.

Zomwe tikupempha MACRA, unduna woona zofalitsa nkhani ndi aphungu a ku Karonga ndi izi. Mndandanda wa kampani iliyonse ndi mafunde omwe ili nawo uziikidwa poyera m'chilankhulo chomveka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde, ndipo uwerengedwe pa mawailesi a m'madera. Chiphaso chilichonse cha mafunde otsika chikhale ndi mayina a madera ndi masiku oyenera kufikiridwa, ndipo wongokhalira mafunde osawagwiritsa ntchito awabweze. Zotsatira za kuyeza zizituluka dera ndi dera, m'nyumba ndi panja, osangoti chigawo cha kumpoto. Poyezapo pazikhala mafoni otchipa omwe anthu ali nawo, ndipo magulu a amayi, a banki m'khonde ndi a alimi azisankha nawo malo oyezera. Ogulitsa mafoni azinena ma band a foni asanalandire ndalama. Pomaliza, thumba la Universal Service Fund lizitiuza chaka ndi chaka kuti lamanga chiyani ndipo kuti.

Tili ndi chida cha lamulo. Access to Information Act inayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo imapatsa nzika iliyonse ufulu wolembera bungwe la boma kupempha uthenga. Tikumbukenso 2020, pomwe achinyamata anafuula #DataMustFall pa Twitter ndi Facebook mpaka mitengo ina inatsika. Phokoso lija linachokera m'tauni, kwa anthu omwe netiweki inali nawo kale. Amene ilibe sangalembe hashtag, n'chifukwa chake tikukulemberani inu.

Ulendo wotsatira wopita ku Karonga, kapena kumudzi kwanu kulikonse, tengani kabuku. Yezani pakhomo pa agogo, pamsika ndi pachipatala, muphunzitsenso mng'ono wanu kuti azipitiriza mukabwerera. Zomwe mwapezazo tiuzeni m'munsimu, ndipo mutumizenso kwa phungu wanu ndi ku MACRA. Tagani mnzanu wa ku Kaporo, wa ku Iponga kapena wa pa Songwe. Akachedwa kuyankha musakwiye, lembani nthawi yomwe uthengawo wamufikira. Kuyeza kwayamba pamenepo.