Makina olakwa mwakachetechete ndiwo oopsa

Makampani osunga zinthu pa kompyuta sadalira nkhokwe imodzi. Amakhala ndi nkhokwe yaikulu, imene akatswiri amati database, ndi ina yachiwiri yokopera chilichonse cholowa m'yaikuluyo. Kukoperako amati replication. Cholinga n'chakuti ina ikawonongeka, inzake ipitirize ntchito. Koma ine ndikuti nkhokwe ziwiri sizipulumutsa munthu ngati makinawo sanena momveka kuti zinthu zalakwika.

Taonani zimene zinagwera GitLab, kampani yosungira olemba mapulogalamu ntchito zawo. Pa 31 Januwale 2017 nkhokwe yachiwiri inatsalira m'mbuyo mpaka kukopera kunaima. Injiniya wina atayesa kuyambitsanso ntchitoyo, pulogalamu ya pg_basebackup inangoti duu, osalemba kanthu. Inali kungodikira, koma inamusiya munthu mumdima. Iye anaganiza zofufuta za m'nkhokwe yachiwiri kuti ayambirenso, koma mwangozi anafufuta za m'yaikulu. Pamene ankazindikira, pafupifupi 300 GB inali itapita.

Atathamangira ku makope osungira tsiku la tsoka, anapeza mulibe kanthu. Pulogalamu yopanga makopewo, pg_dump, inali ya mtundu wa 9.2 pamene nkhokwe inali PostgreSQL 9.6, choncho inkalephera. Makina ankatumiza imelo yodandaula, koma imeloyo inkakanidwa panjira, osafika kwa munthu. Chinawapulumutsa ndi kope lina lotengedwa maola 6 ngoziyo isanachitike. Ngakhale zinatero, mapulojekiti pafupifupi 5,000 ndi maakaunti pafupifupi 700 anakhudzidwa.

N'kosavuta kuloza chala injiniya uja. Koma munthu aliyense amaphonya. Chinakulitsa ngoziyi ndi pulogalamu yosalankhula komanso chenjezo losafika kwa mwini wake. Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama.

Ena angatsutse kuti makina okuwa pa kanthu kalikonse amatopetsa, ndipo anthu amafika poleka kuwamvera. N'zoona. Komatu mankhwala a phokoso si kutseka pakamwa, koma kusankha mawu. Chenjezo labwino linene zinthu zitatu: chalakwika n'chiyani, chalakwika pa makina ati, ndipo munthu achitepo chiyani. Pakhalenso munthu wodziwika amene udindo wake ndi kulilandira. Ngakhale zonse zikuyenda bwino, makina azinena kuti kope lalero latheka, kuti tsiku limene angokhala chete, anthu adzidzimuke.

Ife ophunzira zilankhulo tisaione nkhaniyi ngati ya mainjiniya okha. M'kalasi timaphunzira kuti uthenga umafuna wotumiza, njira ndi wolandira, ndipo chimodzi chikasowa palibe kulankhulana. Ku GitLab wotumiza analipo, koma njira inatsekeka. Amene amalemba mawu a chenjezo pa kompyuta akugwira ntchito ya chilankhulo, ndipo aziigwira mosamala ngati wolemba malangizo pa botolo la mankhwala.