Masikauti Aang'ono: Luso Litsogole, Yunifolomu Itsate

M'mera mpoyamba, adatero makolo athu. Nchifukwa chake nkhani ya masikauti aang'ono, ana a zaka 8 mpaka 11, sitiyenera kuiyesa masewera chabe. Funso lofunika ndi ili: kagulu kotere tikakayambitsa pa sukulu za kuno ku Bembeke, kaziphunzitsa chiyani?

Tiyambe ndi gwero lake. Robert Baden-Powell adamanga msasa woyamba wa masikauti pa chilumba cha Brownsea ku England mu 1907. Mu 1916 adakhazikitsa gawo la ana aang'ono lotchedwa Wolf Cubs. Njira yake idali yakuti ana azikhala m'timagulu ta asanu ndi mmodzi, wina mwa iwo n'kumatsogolera anzake, ndipo aziphunzira pochita zinthu ndi manja awo.

Kwathu kuno, kuyambira mu 1963 mpaka mu 1993, gulu la achinyamata lomwe lidamveka ponseponse lidali la Malawi Young Pioneers. Mpaka lero anthu ambiri akamva za gulu la achinyamata amaganiza za yunifolomu, perete ndi kumvera lamulo mosafunsa. Maganizo anga ndi akuti tikatengera zimenezi kwa ana aang'ono, tidzakhala titataya phindu lenileni la usikauti.

Taganizani za moyo wa mwana wa ku Bembeke. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimaluma, ndipo ana amaunjikana pamoto, ena atabereka ang'ono awo. Mwana wa zaka 9 angathe kudziwa kuti zovala zikagwira moto sathamanga, koma amagona pansi n'kugubuduzika. Angathe kudziwa kuti pamene munthu wapsa amathirapo madzi ozizira kwa mphindi 20, osati dzira, mchere kapena mankhwala otsukira mano. Phunziro limodzi lotere liposa perete wa chaka chathunthu.

Pali maluso enanso. Mwana aphunzire mfundo yosamasuka pomanga thumba la kachewere panjinga, ndi mfundo yosathina khosi la mbuzi. Aphunzire kuwoloka msewu wa M1 mosamala. Kagulu kalikonse kakhale ndi nazale yake, pakuti mapiri a Dedza sadzavalanso mitengo ndi mawu a pamsonkhano ayi, koma ndi manja amene adazolowera kuthirira mbande.

Ena adzati aphunzitsi ali kale ndi ntchito yambiri, ndipo makolo alibe ndalama zogulira yunifolomu. Zonsezi n'zoona. Koma kansalu ka pakhosi n'kokwanira, ndipo mwana asabwezedwe chifukwa cha malaya. Kunena za nthawi, ola limodzi pa sabata si lolemetsa ngati mphunzitsi ali ndi omuthandiza.

Apa ndi pamene inu amene mudatsiriza sukulu mukufunika. Pamene mukudikira ntchito kapena malo ku koleji, pitani kwa mphunzitsi wamkulu mukadzipereke, ndipo mufunse ku bungwe la Scout Association of Malawi za maphunziro a atsogoleri. Makolo ndi mfumu adziwe zonse, ndipo ana akasonkhana pasalephere kukhala akuluakulu awiri, mayi ndi bambo, kuti pasakhale mpata wa nkhanza.

Kagulu kabwino sitidzakadziwira pa kuguba kwake. Tidzakadziwa tsiku limene khanda lagwera pamoto akulu ali kumunda, mwana wa Sitandade 4 n'kuthamangira ndowa ya madzi.