MWANA WAFIKA SITANDADE 3 OSATHA KUWERENGA DZINA LAKE, NDIYE TIKHALE CHETE?

Achinyamata anzathu a ku Chimbiya ndi midzi yozungulira, makolo athu, uthengawu muutumize ku magulu onse.

Tiyambe ndi mayeso aang'ono. Madzulo ano itanani mwana wa Sitandade 3 wa pakhomo panu, mumupatse foni awerenge uthenga uno mizere iwiri yokha. Osamuthandiza. Mukamuona akuyang'ana pansi, akukanda m'mutu, musamukalipire. Mwanayo si mbuli ayi. Amubera.

Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, wochitidwa ndi ofesi ya boma ya NSO, anapeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14 m'Malawi muno, 19 okha ndi amene amatha kuwerenga ndi kumva zomwe awerengazo. Enawo amangopita kusukulu kukathetsa yunifolomu.

Pulayimale yaulere inabwera mu 1994. Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, ija amati NRP, inayamba mu 2016. Njira yakeyo ife sitikuinyoza: mwana aphunzire liwu la lembo, aphatikize n ndi a kukhala na, maphatikizo apange mawu, mawu apange chiganizo. Mphunzitsi achite yekha, achite limodzi ndi ana, kenako mwana achite yekha. Koma gawo lachitatuli ndi pomwe pagona nkhani. Kuti mwana achite yekha pafunika wina amumve, amukonze akalakwitsa. Tsono pa sukulu ina kuno tinawerenga ana oposa 100 mu Sitandade 1, mphunzitsi mmodzi, chonsecho boma lenilenilo limati mphunzitsi akhale ndi ana 60. Madamu amenewo amva bwanji pakamwa pa mwana aliyense? Zomwe zimachitika n'zoti kalasi yonse imangoyimba: a, e, i, o, u! Mukamadutsa pa msewu mumati ana akuphunziratu. Kuyimba kumeneko si kuwerenga, aise. Wa kumbuyo uja akungotsatira phokoso la anzake, lembolo sanalionepo n'komwe.

Ndiye muonjezere kuzizira kwa Dedza. Juni, Julaye, nkhungu ili thoo, mwana wa zaka 6 wakhala pa dothi pansi pa mtengo, wopanda juzi, m'mimba mulibe kanthu. Zala zauma, choko agwira bwanji? Buku limodzi ana asanu, mwinanso mabukuwo atsekeredwa mu ofesi, ati angang'ambike. Buku losang'ambika ndi buku lomwe palibe waliwerenga.

Aphunzitsi sitikulimbana nawo. Ambiri akuyesetsa, ena mpaka kudula makatoni kulembapo malembo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Chotipweteka n'choti anzathu omwe anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku TTC ali pompano pa M1, akuthamangira minibasi ndi ndowa za kachewere, ena ali pa kabaza. Ana alibe aphunzitsi, aphunzitsi alibe ntchito. Mutu wake uli pati pamenepa?

Ndipo kwa zaka zonsezi ntchito yophunzitsa ana athu kuwerenga Chichewa, chilankhulo chathu chomwe, yakhala ikudalira kwambiri ndalama za USAID. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake. Zoona dziko la zaka zoposa 60 lili pa ufulu lizidikira Washington kuti mwana wa ku Chimbiya adziwe lembo a?

Nafenso makolo tisadzichotsemo. Tsiku la msika mwana wa Sitandade 2 sayenera kukhala pa mulu wa tomato.

Zomwe tikufuna si zakumwamba. A phungu ndi a khansala atiuze poyera, pa pepala, kuti ndalama za CDF zamanga zipinda zingati za Sitandade 1 ndi 2 m'dera lino. Makomiti a sukulu amate pa khoma momwe ndalama za SIG zayendera. Mabuku atuluke mu ofesi, ana azipita nawo kunyumba. Unduna wa Zamaphunziro ulembe ntchito aphunzitsi omwe akungokhala, ayambire makalasi a m'munsi.

Ife sitidikira yankho tili manja lende. Aliyense wa ife amene anafika Fomu 4 atenge ana asanu a m'mudzi mwake, madzulo katatu pa sabata, awamve akuwerenga mmodzimmodzi. Sabata ino pitani pa sukulu ya kwanu mwaulemu, mupemphe kwa ahedi, muwerenge ana, mabuku ndi aphunzitsi a Sitandade 1. Nkhope za ana osajambula. Manambalawo muponye pa gulu lino pofika Lachisanu, tikawatule ku khonsolo ku Dedza boma tonse pamodzi.

Achinyamata a ku Chimbiya