Kodi Makina Adzathetsa Masamu?

Ana ena a sukulu amati palibenso chifukwa chovutikira ndi masamu, popeza makina a kompyuta amaŵerengera msanga kuposa munthu. Maganizo otere ndi olakwika. Mbiri ya kulosera zanyengo ikuonetsa zimenezi.

Munthu wina wa ku England, dzina lake Lewis Fry Richardson, anakhulupirira kuti nyengo ya maŵa ingathe kudziŵika mwa masamu. Iye anagaŵa mlengalenga m'zigawo zambiri pa mapu. Pa chigawo chilichonse analemba manambala osonyeza kutentha, liŵiro la mphepo ndi kulemera kwa mpweya. Kenaka anayamba kuŵerengera m'mene manambalawo adzasinthire pakapita maola 6.

Ntchitoyi inali yaikulu ndithu. Richardson anatha pafupifupi masabata 6 ali ndi pensulo m'manja, koma yankho linatuluka lolakwika chifukwa manambala amene anayambira sanali olongosoka bwino. Komabe iye sanataye mtima. M'buku lake la m'chaka cha 1922 anafotokoza njira yonse. Ananenanso kuti pangafunike anthu 64,000 oŵerengera pamodzi kuti adziŵe nyengo ya dziko lonse lapansi isanafike.

M'chaka cha 1950 akatswiri a ku America, monga Jule Charney ndi John von Neumann, anakonza njira yofanana ndi ya Richardson koma yofupikirapo. Anailoŵetsa m'kompyuta yaikulu yotchedwa ENIAC, ndipo makinawo anatha pafupifupi maola 24 akuŵerengera nyengo ya tsiku limodzi. Lero makompyuta amaŵerengera nyengo ya masiku angapo akudza m'maola ochepa chabe. Msodzi wa ku Nkhotakota akamva pa wailesi kuti mwera ukubwera, amasiya bwato lake pamtunda. Chenjezo limene lapulumutsa moyo wakelo lachokera m'masamu otere.

Kodi nzeru zonsezi ndi za makina? Iyayi. Khasu silima lokha. Kompyuta imaphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugaŵa monga achitira mwana wa Sitandade 5, kungoti iyo ndi yaliŵiro ndipo sitopa. Munthu ndiye amaiuza poyambira ndi potsatira pake. Munthu ndiyenso amazindikira ngati yankho lili lomveka kapena ayi. Akaipatsa manambala olakwika, nayo imabweza yankho lolakwika mosachita manyazi.

Choncho mwana wanzeru sanyoza masamu ochulukitsa kapena ogaŵa. Amalemba njira yake mzere ndi mzere, nabwereza kuona ngati yankho lili loona. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Makina akachuluka, pamafunikanso anthu ambiri odziŵa kuwalamula.

Mafunso
1. Kodi Richardson analemba manambala osonyeza chiyani?
2. Chifukwa chiyani yankho lake linalakwika?
3. Fotokozani tanthauzo la mawu akuti "khasu silima lokha".