KOMPYUTA YA PANYUMBA: KUCHIPA KWA MTENGO SIKUKWANIRA POSANKHA

M'makomboni a mu Lusaka monga Chunga, Matero, George ndi Kanyama, kompyuta yaleka kukhala cipangizo ca m'mabanki ndi m'maofesi a Boma mokha. Makolo ambiri tsopano aifuna panyumba, ndipo alimi a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi, akagulitsa cimanga, nshawa kapena soya, ena amatumiza ndalama kwa abale ao a m'tauni kuti awagulire makinawa. Popeza ndalama yoteroyo ndi ya thukuta la caka cathunthu, nkhani ya kasankhidwe ka kompyuta iyenera kulingaliridwa mofatsa.

Cimene cautsa cilakolako cimeneci makamaka ndi maphunziro a ana. Mu 2014 masukulu anayamba kutsata ndondomeko yatsopano imene inalowetsa phunziro la makompyuta m'magiredi 8 ndi 9. Pa mayeso oyamba a phunziroli mu 2015, makina anapelewera m'masukulu ambiri kotero kuti ana ena anadikira mpaka usiku kuti apeze mpata wolemba. Kucokera nthawi imeneyo makolo anazindikira kuti mwana amene amakhudza kompyuta kamodzi pamlungu sangafanane ndi mnzace amene ali nayo kwao. Ndiponso intaneti, imene inafika m'dziko muno mu 1994 kupyolera mu ZAMNET ya pa Yunivesite ya Zambia, lero ndiyo njira yofunsira nchito, yopemphera malo m'makoleji ndi yolipirira zinthu zina za Boma. Pamwamba pa izi, banja lifunanso poonera makanema, pomvera nyimbo ndi posungira zithunzi za maukwati ndi zinamwali.

Makompyuta ambiri ogulitsidwa kuno ndi ocokera kunja, motero mtengo wace umatsata dola. Atsopano ndi okwera kwa munthu wa malipiro ocepa, ndipo ici ndico cifukwa cace ambiri amathamangira makina amene anagwirapo kale nchito m'maofesi a maiko ena, a maina monga Dell, HP ndi Lenovo, opezeka m'masitolo a m'mbali mwa Cairo Road, Chachacha Road ndi Freedom Way. Malonda amenewa ndi ofanana ndi salaula. Mulibe coipa m'kugula cinthu cogwirapo kale nchito, pakuti makina a m'maofesi anapangidwa olimba ndipo zipangizo zace sizibvuta kupeza zikaonongeka. Koma monga wogula salaula amatembenuza malaya kuti aone misoko yace, wogula kompyuta ayenera kudziwa zimene zili m'kati mwa bokosi. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani imene yasintha msika umenewu ndi iyi: pa Okutobala 14, 2025, kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu imene imayendetsa makompyuta ambiri akale, kupatula kwa amene analembetsa citetezo coonjezera ca caka cimodzi. Kompyuta ya Windows 10 imayakabe ndi kugwira nchito, koma mipata imene mbala za pa intaneti zimaloweramo sitsekedwanso. Yolowa m'malo mwace, Windows 11, imakana makina ambiri akale. Kwa a mtundu wa Intel imafuna a m'badwo wa 8, umene unayamba kutuluka mu 2017, kapena ocokera pamenepo kupita mtsogolo. Makampani a ku Ulaya ndi ku America akamacotsa makina osakwanitsa lamuloli, ena a iwo amathera m'misika ya mu Africa, atapukutidwa bwino ndi kuikidwa mtengo wokopa.

Msinkhu wa kompyuta subisika kwa munthu wodziwa poyang'ana. Makina akayatsidwa, pa Settings, kenaka System, kenaka About, pamalembedwa dzina la purosesa, imene ili ubongo wa kompyutayo. Likakhala Core i5-8500, nambala 8 yoyambirira isonyeza m'badwo wa 8. Likakhala Core i5-4570, ndi m'badwo wa 4, wa mu 2013. Likakhala Core i5-10500, ndi m'badwo wa 10. Ambiri amanyengedwa ndi dzina lakuti i7 poganiza kuti lipambana i5 ndi i3 nthawi zonse, cikhalireco i7 ya m'badwo wa 3 ndi nkhalamba pamaso pa i3 ya m'badwo wa 8. Pa nchito za panyumba, monga kulemba, kuwerengera ndi kuonera makanema, RAM ya 8GB ndi yokwanira, ndipo cosungiramo zinthu ca mtundu wa SSD, ngakhale ca 256GB, cimafulumiza makina koposa hadi disiki yaikulu yacikale.

Izi sizitanthauza kuti kompyuta ya m'badwo wakale ndi yotaya. Pali mapulogalamu aulere monga Ubuntu ndi Linux Mint amene amayenda bwino pa makina otere ndipo amalandirabe citetezo, komanso LibreOffice yolembera makalata popanda kulipira. Cofunika ndi cakuti wogula adziwe cimene akugula, mtengo utsike molingana ndi ukalamba wa makinawo, ndipo kholo lifunse kaye mphunzitsi za mapulogalamu amene mwana amagwiritsa nchito kusukulu.

Nkhani yaciwiri, imene ogulitsa saikamba kawirikawiri, ndi ya magetsi. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limacokera ku madzi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula itakanika, Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa Febuluwale 29, 2024 kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo m'miyezi yotsatira ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 21 patsiku m'madera ambiri. Mabvuto a mtundu umenewu anaonekanso mu 2015 ndi mu 2019. Kompyuta ya pathebulo ilibe batire. Magetsi akathima nayo imazima pomwepo, zimene mwana anali kulemba zimatayika, ndipo akabwerera mwamphamvu angathe kuocha zipangizo za m'kati. Motero pa mtengo wa kompyuta payenera kuonjezedwa mtengo wa kabokosi koteteza ku magetsi amphamvu, ndiponso, kwa amene angathe, UPS, imene imapatsa munthu mphindi zingapo zosungira nchito yace ndi kuzimitsa makina bwino.

Kukula kwa bokosi nako kuli ndi mau pa mayunitsi. Kompyuta yaikulu yakale imene imadya mawati 100 pamodzi ndi sikirini yace, ikayaka maola 5 patsiku, imatha mayunitsi 15 pamwezi. Timakina tating'ono tolingana ndi buku, monga OptiPlex Micro, EliteDesk Mini ndi ThinkCentre Tiny, timadya pang'ono cabe; kamene kamadya mawati 30 kamatha mayunitsi osafika 5 pa maola omwewo. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu koposa kumudzi kumene nyumba zambiri zimadalira sola, pakuti kamakina kakang'ono kangayende pa batire ndi invata wamba pamene bokosi lalikulu likanamaliza batire dzuwa litangolowa. Kunena zoona, banja limene lilibe magetsi odalirika lingacite bwino kuyamba laganizira laputopu, imene ili ndi batire yaceyace, ngakhale kuti ndi yosacedwa kubedwa ndipo kukonzetsa kwace kumadula.

Palinso ndalama zina zobisika. Mtengo wolembedwa pa bokosi nthawi zina suphatikiza sikirini, kiyibodi, mausi ndi nthambo. Banja limene lili ndi wailesi ya kanema yokhala ndi polowetsa HDMI lingaigwiritse nchito m'malo mwa sikirini, koma makina ambiri a m'maofesi ali ndi DisplayPort, motero pafunika kacingwe kolumikiza ziwirizi. Ambirinso alibe Wi-Fi, ndipo kuti afike pa intaneti pafunika kacipangizo ka pa USB kapena kulumikiza foni, pamodzi ndi mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel amene ayenera kugulidwa mwezi ndi mwezi.

Lamulo lili kumbali ya wogula. Lamulo la mu 2010 loona za mpikisano wa malonda ndi kuteteza ogula limaletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zokana kubwezeredwa katundu, ndipo limapatsa wogula ufulu wobwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa cinthu cikapezeka coonongeka. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission ndilo limalandira madandaulo otere. Koma dandaulo lopanda lisiti ndi lobvuta kuliweruza. Wogula wanzeru amayatsa makina m'sitolo momwemo, amayesa polowetsa ponse, amalembetsa nambala ya makinawo pa lisiti pamodzi ndi miyezi ya citsimikizo, ndipo akakhala wosadziwa zambiri amapita ndi mphunzitsi kapena wacinyamata wodziwa. Safunsa anadya phula.

Anthu a ku Chunga ali ndi cifukwa cina coganizira nkhaniyi mozama, pakuti dzala lalikulu la zinyalala za mzinda wa Lusaka lili pafupi ndi nyumba zao. Makina akufa ali ndi mtobvu ndi zinthu zina zapoizoni zimene zimalowa m'nthaka ndi m'madzi, ndipo utsi wa nthambo zoochedwa pofuna kopa umapweteka zifuwa za ana. Kompyuta yocipitsitsa imene yafa patatha miyezi isanu ndi umodzi imadya ndalama za mlimi wa ku Chadiza, kenaka imakathera pa dzala limenelo. Banja limene lapirira mwezi umodzi kapena iwiri kuti lionjezere ndalama, ndi kugula makina a m'badwo woyenera, odya magetsi ocepa ndiponso okhala ndi lisiti, lingayembekeze kuti mwana woyamba ndi mng'ono wace adzaphunzirira pa kompyuta imodzi yomweyo.